Kugula Mndandanda wa Nambala za Foni Si Kugula Chilolezo cha Eni Ake

Nyengo yokolola ikafika, kapena mvula ikayandikira, mafoni a alimi ambiri m'dziko muno sapuma. Uthenga wina ukutsatsa mbewu ya chimanga, wina feteleza wa pangongole, wina ukulonjeza kugula soya pa mtengo wabwino, winanso ngongole yachangu yosafuna chikole. Ambiri mwa mauthengawa amachokera kwa anthu amene mlimiyo sanakumanepo nawo, komabe amamutchula dzina, mwinanso mudzi ndi mbewu imene amalima. Funso limene anthu amafunsana m'misika ndi m'makalabu ndi limodzi: kodi anthu amenewa nambala anaitenga kuti?

Kawirikawiri yankho lake ndi lakuti anaigula. Pali anthu ndi makampani amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa maina, nambala za foni, maimelo ndi mbiri zina za anthu amene akuganiziridwa kuti angathe kugula katundu wina, kenaka n'kugulitsa mndandandawo kwa amalonda. Otsatsa malonda amawatcha ma lead. Wogulitsa zipangizo zaulimi amafuna mndandanda wa alimi a m'dera lake. Wobwereketsa ndalama amafuna wa aphunzitsi ndi ena olandira malipiro pamwezi, ndipo wa inshulansi amafuna wa eni magalimoto ndi njinga zamoto. Kwa wamalonda amene akungoyamba kumene, mndandanda wotere umaoneka ngati njira yachidule yopezera makasitomala popanda kuyenda mudzi ndi mudzi.

Malondawa akhala akuchitika kwa nthawi ndithu popanda wofunsa. Zinthu tsopano zasintha, ndipo wamalonda aliyense ayenera kumvetsa mfundo imodzi asanatulutse ndalama: chimene amagula ndi nambala zokha. Chilolezo cha eni nambalazo sichibwera pamodzi ndi mndandanda, pokhapokha pali umboni wakuti eni akewo anavomera kuti wogulayo aziwatumizira mauthenga. Ngati umboniwo palibe, mlandu sutsalira kwa wogulitsa yekha. Umafikanso pakhomo la amene wagula ndi kutumiza uthenga.

Zimene malamulo a dziko lino akunena

Maziko ake ali m'malamulo aakulu oyendetsera dziko a 1994. Gawo 21 limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo mwa zina limaletsa kusokoneza kulumikizana kwa munthu ndi anzake kudzera m'makalata ndi njira zonse za lamya. Pamene gawoli linkalembedwa, foni zam'manja zinali zisanafalikire m'dziko muno. Lero nambala ya foni ndi chinthu china. Kuyambira mu 2018, pamene kulembetsa simu khadi kunakhala kokakamiza, nambala iliyonse imamangirizidwa ku dzina la mwini wake, ndipo kwa anthu ambiri nambala yomweyo ndiyonso thumba lawo la ndalama la Airtel Money kapena TNM Mpamba. Wodziwa nambala ya munthu, dzina lake ndi nthawi imene wagulitsa fodya amadziwa zambiri kuposa zimene mwini wake angafune kuti mlendo adziwe.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa intaneti ndi pa mafoni. Lamuloli limaletsa kutumizira wogula mauthenga amene sanawapemphe popanda kuyamba watenga chilolezo chake. Limafunanso kuti wotumiza uthenga wotsatsa malonda apereke njira yoti wolandira akanire mauthenga ena, komanso kuti, akafunsidwa, anene kumene anatenga mbiri ya munthuyo. Mfundo yomalizayi ndi imene imavuta ogula mindandanda. Wamalonda amene anagula nambala kwa munthu wokumana naye pa Facebook, n'kulipira pafoni popanda lisiti, adzayankha chiyani mlimi akamufunsa gwero la nambala yake? M'lamulo lomweli, kutumiza mauthenga osapemphedwa pofuna kuchita malonda oletsedwa kapena zinthu zina zosemphana ndi lamulo ndi mlandu umene chilango chake ndi chindapusa cha K2,000,000 ndi kukhala kundende zaka zisanu.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la Data Protection Act, limene linayamba kugwira ntchito pa 3 Juni 2024. Udindo woonetsetsa kuti likutsatidwa unaperekedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zofalitsa mauthenga la MACRA. Lamuloli limateteza uthenga uliwonse umene ungazindikiritse munthu: dzina, nambala ya foni, nambala ya chiphaso cha unzika, kumene amakhala ndi zina zotero. Limakhudza aliyense amene amasonkhanitsa, kusunga, kugwiritsa ntchito kapena kupatsira ena uthenga wotere, kupatula amene akuchita zimenezi pa zinthu za iye mwini kapena za pakhomo pake. Choncho buku la nambala za abale silikhudzidwa, koma mndandanda wa makasitomala a sitolo ukukhudzidwa, ngakhale sitoloyo ikhale yaing'ono.

Malinga ndi lamuloli, palibe amene ayenera kugwiritsa ntchito mbiri ya munthu wina popanda chifukwa chovomerezeka, ndipo chifukwa chodziwika kwambiri ndi chilolezo cha mwini wake. Mbiri iyenera kutengedwa pa cholinga chodziwika, osati kuipotozera ku ntchito ina yosagwirizana ndi cholingacho. Iyenera kukhala yolondola, yosapitirira muyeso wa ntchito imene ikufunidwa, ndi yosasungidwa mpaka kalekale. Mwini mbiri ali ndi ufulu wodziwa zimene ena akusunga zokhudza iye, wozikonzetsa, wopempha kuti zifufutidwe, ndi wokana kuti zigwiritsidwe ntchito pomutsatsira malonda. Amene amasunga mbiri za anthu oposa 10,000 a m'dziko muno amaonedwa kuti ali ndi udindo waukulu ndipo ayenera kulembetsa ku MACRA. Chiwerengerochi chingaoneke chachikulu, koma wamalonda amene wagula mindandanda iwiri kapena itatu ya nambala 5,000 uliwonse amachifikira osazindikira. Ndipo mbiri zimene akusungazo zikabedwa kapena kuululika, lamulo limafuna kuti MACRA idziwitsidwe pasanathe maola 72.

Chilolezo chenicheni ndi chotani

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wogulitsa mndandanda aliyense amanena kuti anthu ake anavomera. Mawuwa ndi osavuta kuwanena, koma chilolezo chimene lamulo limachizindikira chili ndi maonekedwe ake. Munthu ayenera kuchipereka mwakufuna kwake, akudziwa chimene akuvomera, pa ntchito yotchulidwa, ndiponso mosasiya chikaiko. Ali ndi ufulu wochibweza nthawi ina iliyonse. Udindo wosonyeza kuti chilolezo chinaperekedwa uli pa amene akugwiritsa ntchito mbiriyo, osati pa wodandaula.

Chitsanzo cha kumudzi chingathandize. Pa tsiku lachionetsero cha mbewu, alimi amalembetsa maina ndi nambala pa pepala kuti okonza mwambo adziwe amene anabwera, kapena kuti alandire ndalama yoyendera. Mlimi amene walemba nambala yake pa pepalalo wavomera chinthu chimodzi: kuti okonza mwambowo amudziwe. Sanavomere kuti patapita miyezi isanu ndi itatu kampani ya ngongole ya ku Lilongwe izimuimbira foni ali kumunda. Pepala lomwelo likajambulidwa ndi foni, n'kulembedwa mu kompyuta, n'kugulitsidwa, nambala zake zimakhala zoona ndithu, ndipo wogulitsa sanama akanena kuti alimiwo analemba okha. Koma chilolezo chawo chinathera pa bwalo la chionetsero.

N'chimodzimodzinso ndi kaundula wa kopaletivi, buku la banki m'khonde, mndandanda wa makolo pa sukulu, kapena gulu la WhatsApp la mpingo ngakhale la maliro. Anthu amaonetsa nambala zawo m'magulu amenewa chifukwa amadziwana. Mlembi amene wapatsidwa buku la kalabu wapatsidwa kuti asunge, ndipo ulembi sumusandutsa mwini wa maina amene ali m'bukumo. Akawagulitsa, wagulitsa chinthu cha eni.

Palinso chilolezo cha mtundu wina chimene chimaoneka chaulemu koma n'chopanda mphamvu. Pa mafomu a mipikisano ndi pa masamba a intaneti olonjeza mphatso pamalembedwa, m'zilembo zing'onozing'ono, kuti wolowa nawo wavomera kulandira mauthenga kuchokera kwa "abwenzi athu pa malonda". Abwenziwo satchulidwa maina. Akhoza kukhala atatu, akhoza kukhala mazana. Munthu sangavomere mozindikira kulandira mauthenga kuchokera kwa anthu amene sanauzidwe kuti ndi ndani, ndipo n'zovuta kuona momwe chilolezo chotere chingakwaniritsire zimene lamulo limafuna.

Ogula ziweto amaidziwa bwino mfundo imeneyi. Munthu wanzeru sagula mbuzi usiku kwa mlendo chifukwa chakuti mtengo watsika. Amafunsa kumene yachokera, amafuna kalata, amafuna mboni, popeza amadziwa kuti mwini wake akaipeza m'khola mwake, kunena kuti "ndinachita kugula" sikudzamupulumutsa. Mndandanda wa nambala umafunika kusamala komweko. Kusiyana kwake n'kwakuti mbuzi imagulitsidwa kamodzi, pamene mndandanda umodzi ungagulitsidwe kwa anthu makumi awiri popanda kutha, ndipo mlimi mmodzi yemweyo ndi amene amalandira mafoni a onsewo.

Amalonda ena amanena kuti lamulo limalola kugwiritsa ntchito mbiri za anthu pa zifukwa zina kupatula chilolezo, monga phindu loyenera la wochita malonda. N'zoona kuti chifukwa chimenechi chilipo. Koma chimayezedwa pa sikelo ndi ufulu wa mwini mbiri komanso zimene iye akanayembekezera. Kasitomala amene anagula mbewu m'sitolo chaka chatha sangadabwe kulandira uthenga wakuti mbewu yafika. Mlimi amene dzina la sitoloyo sanalimvepo ali ndi chifukwa chodabwira. Komanso chifukwa chimenechi sichichotsa zimene lamulo la 2016 limafuna pa mauthenga osapemphedwa.

Enanso amati nambala ya wamalonda mnzawo si yachinsinsi popeza anailemba yekha pa khoma la golosale. Pali choona pamenepa, chifukwa nambalayo inalembedwa kuti anthu aimbe. Koma inalembedwa kuti ofuna kugula aimbe. M'dziko limene amalonda ambiri ndi a payekha, nambala ya bizinesi ndi yomweyo imene ana amaimbira kuchokera kusukulu, choncho imazindikiritsa munthu, ndipo mwini wake akakana mauthenga, kukanako kuyenera kulemekezedwa.

Pa mindandanda imene ogulitsa ena amati inachokera m'mabuku a boma, nkhani ndi yachidule. Mbiri zimene anthu amapereka polembetsa chiphaso cha unzika, polembetsa simu khadi, kapena polowa m'ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo zimatengedwa pa ntchito zimenezo basi, ndipo si katundu wa pamsika. Wotsatsa mndandanda wotere mwina akunama, mwina anaupeza mwakuba. Pa zonse ziwiri wogula sapindula kanthu, ndipo choyenera ndi kukanena kupolisi kapena ku MACRA.

Zimene maiko ena aphunzira

Nkhaniyi siimathera pa malire. Amalonda ambiri a m'dziko muno amatsatsa kwa anthu okhala kunja: onyamula katundu pakati pa Johannesburg ndi Blantyre, ogulitsa malo ndi nyumba kwa Amalawi okhala ku Britain, eni malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amene amafuna alendo a ku Ulaya, ndi otumiza kunja tiyi, khofi ndi mtedza wa makademiya. Uthenga ukaoloka malire umakumana ndi malamulo a kumene wafika.

Ku South Africa lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, limaletsa kutsatsa malonda kudzera pa SMS kapena imelo kwa munthu amene si kasitomala ndipo sanavomere. Limalola kumufikira kamodzi kokha kuti apemphedwe chilolezo, ndipo akakana nkhani yatha. Chindapusa chake chimatha kufika R10 miliyoni. Zambia nayo inakhazikitsa lamulo lake loteteza mbiri za anthu mu 2021.

M'maiko a mgwirizano wa European Union, lamulo la GDPR lakhala likugwira ntchito kuyambira pa 25 Meyi 2018, ndipo limakhudzanso makampani akunja amene amatsatsa katundu kapena ntchito kwa anthu okhala m'maikowo. Mwa mfundo zake, imodzi inalembedwa ngati kuti ikuloza ogula mindandanda: amene wapeza mbiri ya munthu kudzera kwa wina ayenera kumudziwitsa mwini wake pasanathe mwezi umodzi, kapena pa uthenga woyamba, ndi kumuuza kumene mbiriyo yachokera. Chindapusa chachikulu ndi ma euro 20 miliyoni kapena magawo anayi pa 100 alionse a ndalama zimene kampani yapeza pa chaka padziko lonse.

Ku Britain kunachitika nkhani imene ili ndi phunziro kwa amene akuganiza zokonza mndandanda wokayikitsa potumiza uthenga wopempha chilolezo. Mu 2017 ofesi yoyang'anira za mbiri za anthu ya ICO inalipiritsa kampani ya ndege ya Flybe mapaundi 70,000 chifukwa chotumiza maimelo oposa 3.3 miliyoni kwa anthu amene anali atakana kale mauthenga a malonda, powafunsa ngati mbiri zawo zinali zolondola. Nthawi yomweyo kampani ya Honda Motor Europe inalipira mapaundi 13,000 chifukwa cha maimelo pafupifupi 290,000 ofunsa anthu ngati akufuna kulandira mauthenga, pamene kampaniyo inalibe umboni wakuti anthuwo anavomerapo. Ofesiyo inaona kuti uthenga wofunsa chilolezo cha malonda nawonso ndi uthenga wa malonda. Makampani onse awiri ankati akungokonza mabuku awo.

Dziko la America limayenda njira ina, ndipo apa ndi pamene amalonda ambiri amasokonezeka. Lamulo lawo la maimelo la CAN-SPAM la 2003 silifuna chilolezo choyambirira. Limangofuna kuti wotumiza asaname pa dzina ndi mutu wa uthenga, aonetse adiresi yake, ndi kuchotsa wokana pasanathe masiku khumi a ntchito. Mindandanda yambiri yogulitsidwa pa intaneti imabwera ndi mawu akuti ikutsata lamulo limeneli. Mawuwo akhoza kukhala oona, koma alibe ntchito ku Malawi, ku South Africa kapena ku Ulaya, kumene chilolezo chimafunika uthenga usanatumizidwe. Ngakhale ku America komweko, mafoni ndi ma SMS ali ndi lamulo lina lolimba la 1991 lotchedwa TCPA, limene limalola wolandira kusumira wotumiza madola 500 pa uthenga uliwonse, mpaka 1,500 ngati anachita dala.

Mkangano wokhudza "abwenzi athu pa malonda" unafika patali kumeneko. Mu Disembala 2023 bungwe loyang'anira mauthenga la FCC linakhazikitsa lamulo lakuti chilolezo chiperekedwe kwa kampani imodzi imodzi, osati kwa gulu losadziwika. Mu Januwale 2025, masiku ochepa lamulolo lisanayambe kugwira ntchito, khoti la apilo linalithetsa ponena kuti bungwelo linapyola mphamvu zake. Zimenezi zikuonetsa kuti malonda a mindandanda ali ndi ndalama zambiri komanso owateteza amphamvu, ndiponso kuti chimene chili chololedwa m'dziko limodzi chaka chino sichingakhale muyeso wa wamalonda wa ku Mzuzu kapena ku Chikwawa.

Asanalipire, wogula afunse

Lamulo silinaletse kutsatsa malonda pafoni, ndipo silinatseke khomo la kulandira maina a makasitomala kuchokera kwa wina. Uthenga wonena za mtengo wa nandolo kapena tsiku lofika feteleza ndi wothandiza kwa mlimi amene anaufuna. Chimene chikufunika ndi chakuti wogula achite kafukufuku wake, ndipo asunge umboni wakuti anachita.

Funso loyamba ndi lakuti ndani anasonkhanitsa nambalazo, kuti, ndipo liti. Wogulitsa amene nayenso anachita kugula kwa wina, winayo kwa winanso, sangayankhe, ndipo kulephera kuyankhako ndi yankho lokwanira. Lachiwiri, ndipo ili ndiye lalikulu, ndi lakuti anthuwo anauzidwa mawu otani pamene ankapereka nambala. Wogula aone fomu yeniyeniyo kapena tsamba lenilenilo, osati kungouzidwa pakamwa. Aone ngati dzina la bizinesi yake linatchulidwa, ngati njira yolumikizirana inatchulidwa, popeza kuvomera SMS sikuvomera kuimbiridwa foni, ndiponso ngati munthu anali ndi mwayi wokana popanda kutaya chimene anabwerera. Chilolezo chimene munthu wapereka chifukwa akapanda kutero salandira mbewu sichinaperekedwe mwaufulu.

Msinkhu wa mndandanda ulinso ndi kanthu. Chilolezo chimafwifwa ndi nthawi, ndipo ku Britain ofesi ya ICO yakhala ikulangiza kuti chilolezo chodzera mwa wina chisadaliridwe chikapitirira miyezi isanu ndi umodzi. Kuno palinso vuto lina lodziwika: nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya foni imaipereka kwa munthu wina. Mndandanda wa zaka zitatu zapitazo uli ndi nambala zambiri zimene eni ake a lero sanamvepo za fomu imene inasainidwa. Uthenga wotchula dzina ndi ngongole ya munthu ukafika kwa mlendo, wamalonda waulula chinsinsi cha mmodzi ndi kuvutitsa wina pa uthenga umodzi.

Pakhale mgwirizano wolembedwa, wokhala ndi dzina lenileni ndi adiresi ya wogulitsa, wonena kuti mbirizo zinatengedwa motsata lamulo, kuti okana anachotsedwa, ndi kuti wogulitsa adzapereka umboni ukafunika. Mgwirizanowu ungathandize wogula kubwezeredwa zimene wataya, koma sumuchotsera udindo wake pamaso pa mwini nambala kapena pa MACRA. Mindandanda yosonyeza matenda a anthu, chipembedzo, mtundu kapena chipani chimene amatsatira ili m'gulu la mbiri zimene lamulo limaziteteza mwapadera, ndipo wamalonda wamba alibe chifukwa choigulira. N'chimodzimodzinso mbiri za ana, zimene zimafuna chilolezo cha kholo kapena womulera.

Uthenga wokha ukamatumizidwa, unene poyera dzina la bizinesi ndi njira yosavuta yokanira. Wokana alembedwe m'buku la okana, ndipo bukulo liziyerekezedwa ndi mndandanda nthawi zonse uthenga usanatumizidwe. Ambiri amalakwitsa pongofufuta nambala ya wokana, kenaka nambala yomweyo n'kubwereranso kudzera m'mndandanda wina wogulidwa mwezi wotsatira. Kupatsa ntchito yotumiza mauthenga kwa kampani ina kapena kwa mnyamata wodziwa kompyuta sikusamutsa udindo. Mwini malonda amene akutsatsidwawo ndiye amayankha.

Ena adzati zonsezi ndi katundu wolemera kwa wamalonda wamng'ono amene alibe loya. Dandauloli ndi lomveka, ndipo n'zoona kuti makampani aakulu amasenza mtolowu mosavuta. Koma njira yotsata lamulo ndi imenenso ili yotsika mtengo. Wogulitsa zipangizo zaulimi akhoza kuika kope pa kauntala, lokhala ndi mizere ya dzina, nambala, tsiku ndi siginecha kapena chidindo cha chala, pamwamba pake palembedwe mawu osavuta akuti wolemba akuvomera kulandira mauthenga a katundu ndi mitengo kuchokera ku sitoloyo, ndipo akhoza kusiya nthawi ina iliyonse. Kwa amene satha kuwerenga, mawuwo awerengedwe mokweza m'chinenero chimene amamva, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena. Anthu amene analemba okha m'kope lotere kawirikawiri amagula kuposa alendo a pa mndandanda wogula. Ndipo pa WhatsApp, kutumizira anthu ambiri osadziwika mauthenga ofanana kumachititsa kuti nambala itsekedwe anthu akaidandaula, moti wamalonda amatha kutaya pa tsiku limodzi nambala imene makasitomala ake enieni akhala akuidziwa kwa zaka.

Pali chifukwa chinanso chimene chimaposa phindu la sitolo imodzi. Mbava zimene zimabera anthu ndalama za pafoni zimadalira mindandanda yomweyi. Uthenga wabodza wakuti munthu wapambana mphoto, kapena wakuti dzina lake latuluka pa thandizo lina, umakhulupirika msanga ukatchula dzina lenileni ndi mudzi weniweni. Kwacha iliyonse yoperekedwa kwa wogulitsa nambala wosadziwika imalimbikitsa msika umene mbavazo zimagulako. Anthu akatopa ndi mauthenga achilendo amayamba kukaikira onse, kuphatikizapo a alangizi a zaulimi, a zanyengo ndi a zaumoyo, amene amayenera kuwerengedwa.

Wolandira uthenga wosapemphedwa ali ndi mphamvu kuposa momwe ambiri amaganizira. Akhoza kufunsa wotumiza kumene anatenga nambala yake, kulamula kuti mauthenga aleke, ndi kupempha kuti mbiri yake ifufutidwe. Ndi bwino kusunga uthengawo, nambala imene unachokera ndi tsiku lake, popeza umenewo ndiwo umboni. Wotumiza akapitiriza, dandaulo lipite ku MACRA. Ngati uthengawo ukutsatsa katundu mwabodza, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC limalandira madandaulo otere, ndipo ngati ukufuna nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni kapena ndalama yoti itumizidwe kaye, nkhaniyo ndi ya apolisi. Atsogoleri a makalabu, makopaletivi ndi magulu a banki m'khonde angachite bwino kugwirizana pa msonkhano kuti buku la maina lizisungidwa ndi ndani, ndi kuti wina akalipempha, mamembala azifunsidwa kaye.

Otsala ndi amalonda amene anagula kale mindandanda lamulo la 2024 lisanabwere kapena asanalidziwe. Kugula kalekale sikupereka ufulu wopitiriza kuigwiritsa ntchito lero, chifukwa kusunga ndi kutumiza kumene kukuchitika panopa kukuweruzidwa ndi lamulo limene lilipo panopa. Choyenera ndi kupatula mndandandawo pawiri. Anthu amene pambuyo pake anadzagula katundu, kapena anayankha ndi kuvomera mauthenga, akhoza kusungidwa pamodzi ndi umboni wa zimenezo. Amene anakana alowe m'buku la okana. Nambala zotsalazo, zimene palibe akudziwa kumene zinachokera, zifufutidwe mu kompyuta, m'foni ya mwini sitolo ndi m'mafoni a antchito amene anatumiziridwa, ndipo mapepala ake awotchedwe, osati kukulungira tomato pa msika.